Kuyeza makutu a wailesi ya HF ndi zida zotchipa: signal yothawira m'mbali inandidyera Loweruka lonse

Wailesi yanga inkakhala ngati yagontha pa bandi ya 20 m (ya 14 MHz, mbali ya HF kapena kuti shortwave), ndiye ndinafuna nambala yeniyeni, osati zongomva ndi khutu. Ndinagwiritsa ntchito kachida koyezera kotchedwa tinySA ngati jenereta ya signal, ma attenuator (tizida tochepetsa mphamvu ya signal) a konekita ya SMA a 30, 20 ndi 10 dB, ina yosintha pa 1 dB iliyonse, dummy load ya 50 ohm (resistor yolowa m'malo mwa eriyo) ndi mita ya voteji ya AC pa mawaya a sipika.

Musanalumikize kanthu, zulani maiki ndi kiyi ya Morse, muzimitse VOX (yoyambitsa kuulutsa yokha ikamva mawu). Ma attenuator ang'onoang'onowa ambiri ndi a 2 W basi. Wailesi ya 100 W ikangoulutsa kamphindi, apsa pamodzi ndi jenereta.

Lumikizani jenereta polowera eriyo kudzera m'ma attenuator. Ikani wailesi pa CW (Morse), filter ya 500 Hz, AGC (yodzisinthira yokha mphamvu yokwezera signal) ndi preamp zozimitsa, noise reduction nayonso. Ine ndinali pa 14.050 MHz. Jenereta ili chozima, kwezani voliyumu mpaka phokoso lokha liwerenge 100 mV, ndipo musaigwirenso. Yatsani jenereta pa -73 dBm (dBm ndi muyeso wa mphamvu ya signal), pezani kalikhweru kake, kenako muzionjezera attenuator mpaka mita itsike kufika 141 mV. Apo ndiye 3 dB pamwamba pa phokoso, imene timati MDS, signal yaing'ono kwambiri imene wailesi ingamve. Mukafuna 10 dB S+N/N (signal ndi phokoso pamodzi, poyerekeza ndi phokoso lokha), nambala yake ndi 316 mV.

Apa mpamene panandipsetsa mtima. Ndinaika 60 dB, kalikhweru kali phwii. Ndinafika 70, kenako 80, osasintha ngakhale pang'ono. Papepala ndiye kuti -153 dBm, zomwe sizingatheke, chifukwa phokoso lachilengedwe ndi -174 dBm pa Hz imodzi, ndipo mu 500 Hz limakwera ndi 27 dB kufika -147 dBm. Palibe wailesi yomva pansi pa apo poyeza motere. Ndinakayikira ma attenuator, n'kuwayeza limodzilimodzi pa kachida kena koyezera, NanoVNA, onse ali bwinobwino. Ndinasintha zingwe katatu. Dzuwa linalowa ndili pa tebulo pomwepo. Chonsecho signal simadutsa mu attenuator ayi, imatulukira pa chingwe cha USB ndi pa kachingwe kowonda ka RG-174, n'kukalowa m'wailesi podzera njira yachidule.

Kuzindikira zimenezi n'kwa miniti imodzi yokha. Chotsani coax (chingwe chochokera ku jenereta) kuwailesi, muikepo dummy load, jenereta ikadali yoyaka. Kalikhweru kakamamvekabe, signal ikuthawa ndipo nambala zanu zonse n'zabodza. Yambani ndi zimenezi.

Mankhwala ake ndi chitini cha bisiketi. Jenereta iziyendera batire yake, USB yozula, ilowe m'chitini pamodzi ndi attenuator ya 30 dB. Boolani khoma la chitini muikepo konekita ya SMA yomanga ndi nati, mupale penti pamene chivindikiro chimagwirana ndi chitini kuti chitsulo chikhudzane ndi chitsulo. Chingwe chikhale RG-223 kapena RG-400, zamaluko awiri a waya otchinga signal kuti isathawe. Chitini chikhale mamita awiri kapena atatu kutali, attenuator yomaliza ikhale pakamwa penipeni pa wailesi. Nditatero, 141 mV inabwera pa 58 dB, kutanthauza -131 dBm. Kuchotsera pa -147, noise figure (phokoso limene wailesi imaonjezera yokha) ndi 16 dB, yokwanira ndithu pa 20 m.

Ndaiwala za mita. Zotchipazi zinapangidwira magetsi a 50 Hz, ndipo pa phokoso manambala amavinavina. Werengani kangapo mutenge yapakati, kapena lowetsani mawuwo mu sound card ya kompyuta muone RMS. Wailesi nayo iyendere batire ya 12 V, invata ya sola ndi matchaja a foni zikhale zozula.

Kuyeza S-mita, yoonetsa mphamvu ya signal pawailesi, sikovuta, koma AGC ibwerere kaye, apo ayi singano siyenda. Pansi pa 30 MHz, S9 ndi 50 µV, yomwe ndi -73 dBm, ndipo S iliyonse ndi 6 dB: -79 ndi S8, -85 ndi S7. Pa 2 m, S9 ndi -93 dBm. Mawailesi ambiri amalondola pa S9 pokha, kunsiku amasochera. Ine sindinatsegule m'kati kukapotoza kanthu, ndinangolemba zimene mita ikuonetsa pa dBm iliyonse n'kumata pepalalo pambali pa wailesi. Musalimbane ndi kusiyana kwa 1 dB, jenereta yotchipa payokha imatha kuphonya ndi dB imodzi kapena ziwiri. Ndipo apanso yambani ndi dummy load ija musanalembe nambala.

Wailesi itapezeka kuti ili bwino, ndinabwezera eriyo, koma phokoso silinakwere pamwamba pa la dummy load. Pa 20 m eriyo yamoyo imayenera kulikweza. Ndinatsitsa eriyo yanga ya dipole, ndipo mu konekita ya PL-259 ya pamwamba munali madzi amvula, luko la coax litasanduka lobiriwira. Ndinadula theka la mita, n'kuotcherera konekita yatsopano ndi kuikulunga tepi yosalowa madzi.