Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Kubwerera m'kalasi imvi zitayamba

M'gawo lapitalo ndinalekezera pamene kalata yondilola kukapitiriza maphunziro a unamwino inatuluka, itagona miyezi pa desiki la bwana wina amene sindimutchula. Lero ndikambe za chaka choyamba.

Amene si a ntchito yathu amadabwa kuti mayi wa ana atatu, woyamba ali folomu 4, akukafunanso chiyani kusukulu. Anamwino kuno tili m'magulu. Ine ndinatuluka ku koleji ya mishoni, imodzi mwa za CHAM, bungwe la zipatala ndi makoleji a zaumoyo a mipingo, ndili Nurse Midwife Technician, amene timangoti NMT, maphunziro a zaka zitatu. Pamwamba pathu pali ma Registered Nurse. Mu wodi timathamanga limodzi, usiku timachezera limodzi, koma ikafika nkhani ya giredi ya malipiro kapena kusankha in-charge, pepala ndi limene limalankhula. Atsikana ena amene ndinawagwira dzanja powaphunzitsa kuika kanula (kapaipi ka dripi kolowa mu mtsempha) ali pa prakitiko anabweranso ali mabwana anga. Nsanje ndinalibe, anawerenga anawo. Kungoti ndinaona kuti ndikapanda kudzuka ndidzapumira pa mpando womwewo.

Apongozi anga nkhaniyi sinawalowe. "Amake mwana, sukulu inanso iti? Si ntchito muli nayo kale? Nanga anawa aziwaona ndani?" Bambo a kunyumba anawayankha mwaulemu kuti ana akula, mbaula akudziwa kuyatsa. Kuseri tili awiri ndi kumene anandifunsa funso lenileni: "Mayi, fizi tiitenga kuti?" Tinaitenga ku banki m'khonde ndi ku chipeleganyu cha anzanga a kuntchito. Kenako mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo masamu onse amene tinawerengera pa tebulo anasokonekera. Minibasi yochoka kwathu ku Chirimba inakwera, shuga anakwera, bandulo ya intaneti osanena.

Sukulu imene ife akale timaitchulabe KCN inali itasintha dzina. Mu 2021 Kamuzu College of Nursing inaphatikizana ndi College of Medicine n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences. M'kalasi tinalipo akuluakulu angapo, ndipo tinkadziwana ndi mayendedwe: nsapato zafulati, chikwama chachikulu, foni yoitana pafupipafupi kuchokera kunyumba. Achinyamata ankanditchula "anti", ena "amayi". Mphunzitsi wina, wamng'ono kwa ine, ankati "a sista" nthawi zonse, ndipo ndinkamulemekeza nazo.

Chimene chinanditulutsa thukuta ndi kompyuta. Lipoti la mu wodi ndimalemba ndi cholembera maso ali kwa wodwala. Apa ankafuna asainimenti yotayipa, ndipo mfundo iliyonse usonyeze kumene waitenga m'kalembedwe ka APA, dzina, chaka, kadontho pamalo pake. Mwana wanga wa folomu 4 ndi amene anasanduka mphunzitsi. "Amayi, mwasevu?" Magetsi akazima tinkayang'anizana, batire likutha, ndime isanathe.

Koma pali tsiku limene ndinaona phindu la ndalama zangazo. Mayi woyembekezera BP ikakwera kwambiri mpaka kuopsa kuti akomoka, timamupatsa magnesium sulphate. Ndawabaya amayi ambiri mankhwalawa. Ndinkadziwa pamtima kuti usanabayenso uyenera kugogoda bondo kuona ngati mwendo ukudumpha, kuwerenga kapumidwe, kuyeza mkodzo m'thumba kuti usachepere mamililita 30 pa ola, komanso kuti calcium gluconate, mankhwala othetsa mphamvu ya magnesium akachuluka m'thupi, akhale pafupi. Tinaphunzira kale zimenezi, koma mwa kuloweza, ndipo zaka za mu wodi zinazisandutsa chizolowezi. Tsikulo mphunzitsi anajambula impso pa bolodi n'kulondola ulendo wonse: mankhwalawa amatuluka m'thupi kudzera mu impso, ndiye mkodzo ukachepa amaunjikana m'magazi, amafooketsa mauthenga ochoka m'mitsempha kupita ku minofu, bondo limayamba kusiya kudumpha, kenako minofu yopumira nayo imafooka. Ndinakhala duu. Mnyamata wa pambali panga ankangokopera notsi, pamene ine ndinkaona nkhope za amayi enieni, bedi ndi bedi.

Zina zinali zoti ndisiye zakale. Ife tinaphunzira kuti patogalafu, tchati cholondolera mmene mayi akuyendera pobereka, umayamba kulemba khomo la chiberekero likatseguka masentimita 4, ndipo liziwonjezera sentimita imodzi pa ola. Bungwe la WHO mu 2018 linanena kuti matenda enieni a kubereka aziwerengedwa kuyambira pa masentimita 5, komanso kuti mayi amene akuchedwerapo pa sentimita imodzi pa ola, iye ndi mwana ali bwino, si chifukwa chomuthamangitsira ndi mankhwala. Akuluakulufe tinatsutsa mpaka nthawi inatha. Ine mbali ina ndikutsutsabe, chifukwa ku health centre kumene ambulansi imachedwa, mzamba amafuna chomuchenjeza msanga. Koma tsopano ndimatsutsa nditawerenga.

Prakitiko inandifikitsa ku chipatala cha Queens ku Blantyre, ku Chatinkha kumene amayi amachirira. Kumeneko wophunzira ndi wophunzira, kaya wachiritsa amayi angati m'moyo wake. Uyenera kudzaza buku, ndipo chilichonse wachita asainire mzamba amene ali pa ntchito. Wondisainira sabata yoyamba anali mmodzi wa atsikana a kanula aja. Anatenga bukulo ndi manja awiri, manyazi atamugwira.

"Amayi, ine ndikusainireni inuyo?"

"Sainani, a sista. Koma muyambe mwaona ngati ndachita bwino."

Anaonadi, mpaka anandifunsa mafunso awiri asanasaine. M'gawo likubwerali ndidzakamba za mayeso a ku Nurses and Midwives Council, ndi mmene ngongole ya ku banki m'khonde ija inathera.