Kukonza penti wakuda wa galimoto: pomwe ntchito yafika

Galimotoyi ndi yakuda, ili ndi zaka 11, ndipo imagona panja. Boneti ndi denga zinali zitayamba kutuwa, ndipo ukaunika tochi pachitseko umaona timizere tozungulira ngati ukonde wa kangaude. Cholinga chinali kuchotsa kutuwako n'kuteteza penti amene watsalapo, osati kufafaniza kukalika kulikonse.

Tsiku loyamba: kutsuka ndi kusalaza

Ndowa zinali zitatu. Imodzi ya matayala ndi marimu okha, chifukwa fumbi la mabuleki lili ndi tizitsulo takuthwa ndipo lisayandikire chitseko. Yachiwiri ya shampu wa galimoto, 30 ml m'malita 10 a madzi. Yachitatu ya madzi okhaokha, yotsukuluziramo nsalu musanaiviikenso m'thovu. Pansi pa yachitatuyi pamaikidwa kasefa ka pulasitiki kuti mchenga ukamira usabwererenso pansalu. Timizere tambiri ta pa penti wakuda timabadwira pomwepa, potsuka ndi ndowa imodzi yodzaza mchenga kenako n'kupukuta ndi thaulo louma gwa. Kutsuka kumayambira padenga kutsika m'munsi, dzanja likuyenda chowongoka osati mozungulira.

Galimoto itauma inkaoneka yoyera ndithu, koma diso silikwanira. Lowetsani dzanja m'kajumbo kopyapyala ka pulasitiki n'kusisita boneti. Apa panali pokhakhala ngati sandipepa, ndipo zimenezo madzi ndi sopo sizichotsa. Madontho akuda a tala m'munsi mwa zitseko anachoka ndi mankhwala osungunulira tala patangopita mphindi 2. Kenako ndinawaza mankhwala ochotsera tizitsulo tokanirira, aja amasanduka apepo akakumana ndi chitsulo. Amafuna mphindi 3 mpaka 5, ndipo asaumirepo. Kumbuyo kwa galimoto ndi pafupi ndi matayala ndiko kunatuluka pepo wochuluka.

Chomaliza ndi clay, kachibuma kofewa ngati dongo kochotsera zokanirira pa penti. Ka magalamu 100 kamadulidwa patatu, chifukwa kachidutswa kakagwa pansi basi katha ntchito: mchenga umalowa mkati ndipo sutulukanso. Phwatalalitsani kachidutswa ndi zala, nyowetsani penti kwambiri ndi madzi ake oterera, kenako tsetserezani osakanikiza. Poyamba kamamveka kakukoka, pakapita kanthawi kamangoyenda see. Pakatero mwamaliza pamenepo, pindani mbali yakudayo ilowe mkati. Pakauma pang'ono clay amakanirira n'kusiya zipsera, choncho madzi musawaumire.

Tsiku lachiwiri: polishi

Ambiri timangoti polishi pa chilichonse chopaka pagalimoto, koma zinthuzi ndi ziwiri ndipo zimagwira ntchito zosemphana. Polishi ali ndi timchenga tosaoneka ndi maso tomwe timapala penti pang'ono kuti asalale. Wax sapala kanthu, amangokuta pamwamba. Kunyezimira kumene anthu amayamikira kumachokera ku kusalala kwa penti. Wax wodula chotani, mukamupaka pa penti wotuwa, amangotsekera kutuwako mkati.

Apa ndi pofunika kudekha kwambiri. Penti yense wa ku fakitale, kuyambira pachitsulo, kawirikawiri amachindikala ma micron 100 mpaka 150, ndipo ma micron 1,000 ndiwo amapanga milimita imodzi. Pamwamba penipeni pali clear coat, wopanda mtundu, wa ma micron pafupifupi 40 kapena 50, wopyapyala kuposa pepala lolembapo. Ndiye amatchinga mtundu ku dzuwa. Chilichonse chomwe polishi wapala sichibwerera, ndipo clear coat akabooka kapena kuyamba kusupuka, palibe wax angathandize, pamafunika kupoperanso penti. N'chifukwa chake kukalika komwe chikhadabo chimakodwamo ndinakusiya. Kuli kuwiri pachitseko chakumbuyo. Kukutsatira mpaka kufafanizike ndi kuwononga penti wabwino wozungulira.

Musanayatse makina opakira polishi, pakani polishi pang'ono pansalu yoyera n'kusisita pamalo obisika. Nsalu ikatenga mtundu wa galimoto, ndiye kuti pentiyo alibe clear coat ndipo afunika kumugwira mofatsa kwambiri. Apa nsalu inatuluka yoyera.

Tepi ya mapepala inamatidwa pa malabala a mawindo, pa pulasitiki wakuda ndi m'mphepete mwa zilembo. Makina ndi a mtundu wa dual action, omwe padi yake (kachinkhupule kopakira polishi) imazungulira uku ikugwedezeka, motero siitenthetsa malo amodzi msanga ngati makina ongozungulira. Ndinayamba kuyesa pa kachigawo ka masentimita 50 mbali zonse, ndi polishi wofewa komanso padi yofewa. Lamulo lake n'loyamba ndi chofooka: chikakwanitsa, palibe chifukwa chogwiritsira champhamvu. Madontho anayi ngati nandolo pa padi, kuwagunditsa pa penti makina asanayake kuti asamwazike, kufalitsa pa liwiro lotsika, kenako kukweza. Dzanja liziyenda pang'onopang'ono, masentimita 2 kapena 3 pa sekondi, chopingasa kenako chotsika, maulendo anayi. Padi ikhale chathyathyathya. Mukaipendeketsa kapena kukanikiza kwambiri imasiya kuzungulira, ndipo kamzere kolembedwa ndi cholembera kumbuyo kwa padi kamaonetsa zimenezi msanga.

Pazitseko polishi wofewa anakwanira. Paboneti ndi padenga panafunika padi yolimbirapo, chifukwa dzuwa limagwa pamenepo tsiku lonse. M'makona ndi m'mizere yopindika ya bodi penti amakhala wopyapyala, ndiye makina amangodutsapo kamodzi.

Cholakwika cha tsikuli chinali padi. Itafika pa chitseko chachitatu inali itadzaza polishi wouma ndi penti wopalidwa, n'kuyamba kusiya chifunga m'malo mochichotsa. Imafunika kupukutidwa ndi kaburashi mukamaliza chigawo chilichonse, ndipo galimoto yonse imadya mapadi atatu kapena anayi, osati imodzi.

Pomaliza ndinapukuta paliponse ndi isopropyl alcohol (mtundu wa spiriti wotsukira) wosungunula, gawo limodzi pa magawo anayi a madzi. Polishi amasiya mafuta omwe amabisa timizere komanso amalepheretsa wax kugwira. Mafutawo atachoka, timizere tina tinaonekeranso pabuti, ndipo pamenepo panabwerezedwa.

Tsiku lachitatu: wax

Wax wake ndi wa m'chitini, wa carnauba. Carnauba amachokera ku masamba a mtengo wa mgwalangwa womera kumpoto chakum'mawa kwa Brazil. Payekha ndi wolimba kwambiri moti sangapakike, n'chifukwa chake amamusakaniza ndi mafuta ndi zosungunulira. Zosungunulirazi zikauluka, pa penti pamatsala kansalu kopyapyala kosaoneka, ndipo kansaluko n'kofanana kaya mwapaka pang'ono kaya mwaunjika. Wochuluka amangothera pansalu yopukutira. Kachinkhupule kakazungulira theka lokha m'chitini, wax ameneyo akwanira chitseko chonse. Mukapaka bwino, pamangooneka ngati mpweya wa pakamwa pagalasi.

Malata akhale ozizira, galimoto ili pamthunzi. Pakani zigawo ziwiri, dikirani mphindi 5 mpaka 10, kenako dutsitsani chala. Mzere ukatuluka woyera bwino, wakonzeka kupukuta. Ukatuluka wamafutamafuta, dikiraninso. Nsalu ya microfibre, yofewa ya ulusi wopyapyala kwambiri, imapindidwa panayi kuti ikhale ndi mbali 8, ndipo imatembenuzidwa ikangoyamba kukoka. Ina yoyera imadutsanso pomaliza.

Denga ndilo linavuta. Mthunzi unasuntha, dzuwa linagwa pa theka lake wax asanapukutidwe, ndipo penti wakuda amatentha msanga. Wax anauma gwa n'kusiya mizere yakuda ndi yotuwa. Kupukuta mwamphamvu kukanangobweza timizere tomwe tinachotsedwa dzulo lake. Njira yake ndi kudikira malata azizire, kupakanso wax watsopano pang'ono pamwamba pa woumayo kuti amufewetse, n'kupukuta nthawi yomweyo. Zinatheka. Pomwe tepi inaphonya, pa pulasitiki wa kalilole wa m'mbali, panatsala zoyera zomwe zinachoka ndi mswachi wofewa ndi sopo.

Ulendo wachiwiri wopaka unachitika tsiku lotsatira, osati pofuna kuchindikalitsa, koma kukwirira pomwe panadumphidwa.

Sabata lachisanu ndi chimodzi

Galimoto yatsukidwa kanayi ndi shampu wosadya wax. Sopo wotsukira mbale anapangidwira kuchotsa mafuta, ndipo amafupikitsa moyo wa wax, choncho sayandikira. Pazitseko madzi akupangabe timipira tozungulira bwino n'kugubuduka. Paboneti ndi padenga timipira tayamba kuphwatalala, ndipo madzi akuchedwa kuchoka. Si zachilendo: carnauba pagalimoto yogona panja amakhala mwezi umodzi mpaka miyezi itatu basi, ndipo malo oyang'ana kumwamba ndiwo amayamba kutha.

Chitosi cha mbalame chinakhala paboneti masiku awiri kunja kukutentha, ndipo chasiya chipsera chozimiririka mu clear coat. Wax amachedwetsa zimenezi, saziletsa. Chitosi chimafunika kuchiphimba ndi nsalu yonyowa kwa mphindi zingapo n'kuchinyamula, osachikhula, chifukwa nthawi zambiri chimakhala ndi timiyala. Utomoni wa mitengo nawonso suyenera kugonapo.

Nsalu za microfibre zikuchapidwa pazokha, popanda mankhwala ofewetsera zovala, omwe amamata ulusi wake n'kuusiya wosamwa madzi. Zopukutira wax sizisakanikirana ndi za marimu.

Chotsatira ndi kuyesa sealant, woteteza penti ngati wax koma wopangidwa ndi mankhwala a ku fakitale, amene amakhala miyezi inayi kapena isanu ndi umodzi. Adzapakidwa pa theka la boneti nditachotsa wax yense ndi alcohol, chifukwa sealant amafuna penti wopanda mafuta komanso maola osachepera 12 osanyowa. Theka linalo lidzabwerezedwa carnauba, tepi pakati, kuti mbali ziwirizi zikumane ndi dzuwa ndi shampu mofanana. Chipsera cha chitosi chija chidzayamba chapalidwa pang'ono ndi polishi wofewa pamanja.