Kamtima kofiira ka ku Ndirande

Mtsikanayo ndinakumana naye pa ukwati wa msuweni wanga ku Zomba, ndipo anthu ali mkati mwa perekaniperekani, ndinalimba mtima n'kupempha nambala yake ya foni. Anazengereza pang'ono, kenako anailemba kuseri kwa pepala la ndondomeko ya mwambowo.

Usiku womwewo ndinamulembera pa WhatsApp. Amene sanalawe chikondi cha masiku ano adziwe kuti kachizindikiro kamodzi kotuwa kamatanthauza kuti uthenga wanyamuka, tiwiri timatanthauza kuti wafika, ndipo tikasanduka tabuluu ndiye kuti mwini foni wawerenga. Tabuluuti tinayamba mu 2014, ndipo ndikukhulupirira kuti kuyambira chaka chimenecho anyamata ambiri sakuona tulo. Tanga tinasanduka tabuluu nthawi yomweyo, koma yankho silinabwere. Mnzanga wina, amene amadziyesa katswiri pa nkhani zofunsira ngakhale kuti chibwenzi sanakhalepo nacho, anandilangiza kuti mkazi woleredwa bwino sayankha msanga, choncho ndisafooke.

Sindinafooke. M'mawa ndinkafunsa za kudzuka, masana za nsima, madzulo ndinkatumiza ndakatulo zotamanda maso ake ndi kayendedwe kake. Tsiku lina pansi pa ndakatulo yanga panaoneka kamtima kofiira, ndipo mnzanga uja atakayang'anitsitsa anagamula kuti yakwana nthawi yodziwitsa ankhoswe.

Posakhalitsa pa status pake panatuluka mawu akuti, "Wafika wonunkhira bwino, wofuna asachedwe." Chithunzi chake sichinatseguke chifukwa bandulo yanga inali kumapeto, koma mawuwo anandikwanira. Podziwa kuti status imafufutika pakatha maola 24, ndinayankha mofulumira kuti wofuna ndine, ndipo ndakhala ndikufuna kuyambira ku Zomba. Yankho loyamba m'mbiri ya chibwenzi chathu linafika: "Bwerani mawa pamsika wa Ndirande, pafupi ndi ogulitsa nyemba. Musaiwale ndalama." Za ndalamazo zinandidodometsa, koma mnzanga anati mkazi wonena chilungamo poyambirira ndiye womanga naye banja.

Ndinafika pamsikapo nditavala jekete yobwereka, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, n'kuimba nambala ija. Foni inalira m'chikwama cha mayi wina wachikulire amene anakhala kuseri kwa matumba a mpunga wa Kilombero.

"Ndinu achimwene andakatulo aja?" anafunsa mokweza, mpaka ogulitsa nyemba onse anatembenuka. Anafotokoza kuti iwo ndi azakhali ake a mtsikanayo, ndipo mwanayo amapereka nambala yawo kwa anyamata onse opempha pa maukwati, chifukwa anyamata otere amagula mpunga osanenerera mtengo.

"Nanga kamtima kaja, amayi?" ndinafunsa motsitsa mawu.

"Kameneko ndimaikira kasitomala aliyense, mwana wanga, ngakhale abusa."

Ndinagula makilogalamu 10, chifukwa munthu wovala jekete sangachoke chimanjamanja anthu akumuyang'ana. Ndikusenza thumbalo, mayiwo anandiitananso n'kundiuza kuti ndakatulo zanga zonse anawawerengera amayi anzawo a Mvano, ndipo ija yonena za kayendedwe inawasangalatsa kwambiri, koma amuna awo, amene anapuma ntchito ya usilikali, apempha kuti ndikawafotokozere ndekha tanthauzo la ndime yachitatu.