Ulendo wa ku Benoni kukagula kandege kakale ka injini

Kandege koyendetsa ndi rimoti kamene kanatitengera ku Benoni Loweruka lina ndi kaja kophunzirira kuulutsa: phiko lokhala pamsana, lotalika mita imodzi ndi theka, thupi la mtengo wa balsa, injini ya O.S. 46AX kumphuno. Pa zithunzi kankaoneka ngati kangotuluka kumene m'bokosi. Mwini wake anatchula R3,500 pamodzi ndi rimoti. Kuchoka mu Johannesburg kudzera mu N12 ndi ulendo wosakwana ola, koma musayerekeze kukwera minibasi. Phiko lotere silipindika, ndipo chikwama cha munthu chikangolitsamira, nthiti zake zimathyokera m'kati pulasitiki wakunja ali bwinobwino. Ife tinabwereka galimoto yoti mipando yakumbuyo imagona.

Ogulitsawo anali bambo achikulire, ndipo anachita chinthu chimene ogulitsa ambiri sachita. Tisanafunse kanthu, anamasula pulagi (kachitsulo koyatsa mafuta) pamutu pa injini, n'kutiuza kuti tizungulitse puropela pang'onopang'ono khutu lili pafupi. Pulagi ikachoka, mphepo siikanikizanso pisitoni, ndiye dzanja limamva bwino mabering'i. Abwino amayenda myaa. Awa ankamveka khwerekhwete, ngati muli mchenga. Bambowo anavomera okha kuti kandege kagona m'galaja zaka zingapo ndipo tsiku lomaliza sanathire mafuta otetezera.

Dzimbiri limeneli limachokera ku mafuta omwe injiniyi imamwa. Si petulo. Ndi methanol wosakaniza ndi nitromethane, kawirikawiri 5 mpaka 15 peresenti, ndi oyilo wokwana 18 kapena 20 peresenti. Methanol amakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo kadontho kotsalira m'mimba mwa injini kamadya bering'i yakumbuyo mwakachetechete. N'chifukwa chake odziwa akamaliza kuuluka amazula paipi ya mafuta injini ikulira kuti ithe zonse, kenako amadonthezamo oyilo. Vutoli silopha injini. Mabering'i ndi awiri, amagulika, ndipo ndi chifukwa chokwanira chotsitsira mtengo.

Chopha injini ndi pisitoni ndi silinda. 46AX ilibe ring'i. Silinda yake ndi yopanikiza pang'ono kumtunda, choncho mukazungulitsa injini ili yozizira, pisitoni iyenera kugwira pang'ono ikafika pamwamba penipeni. Wosadziwa amayesa kuti china chake chawonongeka, pomwe kugwirako ndiye umboni woti injini ikadali ndi moyo. Ikamadutsa pamwambapo phululu, yatha, ndipo mtengo wa pisitoni ndi silinda zatsopano ungakufikitseni pafupi ndi wa injini ina yogwiritsidwapo kale. Iyi inkagwira bwino. Titabwezera pulagi n'kuponya puropela ndi chala, inabwerera ndi kaphokoso koti pu! Tinasuzumiranso pa bowo la utsi titachotsa sayilensa: pisitoni inali yabulauni, yopanda mikwingwirima yakuya. Bulauni ameneyu ndi utoto wa mafuta a nsatsi amene amakhala mu oyilo uja, alibe vuto. Nsatsi yomweyo ikauma imamata kabureta mpaka injini kuoneka ngati yafa, koma ikaviikidwa m'mafuta atsopano usiku umodzi imamasuka.

Thupi la ndege limabisa zambiri kuposa injini. Malo oyamba kuyika chala ndi thabwa limene injini imamangidwapo. Likanikizeni ndi chikhadabo. Likalowa ngati buledi, ndiye kuti lamwa oyilo, ndipo guluu sagwiranso pa thabwa lotero. Lathu linali lolimba, koma pansi pa thanki panali pakuda ndi ponyowa chifukwa paipi ya silikoni inang'ambika polumikizira. Kokani zowongolera za ku phiko ndi za kumchira chimodzichimodzi, mwamphamvu ndithu, kuti muone ngati mahinjesi sakuzuka. Imani kumbuyo, muyang'ane phiko kuchokera kumchira: mbali imodzi ikapotoka, kandege kazingokhotera komweko. Walitsani tochi pansi pa phiko kuti muone nthiti zomatidwa.

Chimandipweteka mtima ndi ogulitsa amene amakana kuliza injini, amvekere mafuta atha kapena aneba adandaula. Injini yosalira pamaso panu muziigula pa mtengo wa injini yakufa. Bambowa anatulutsa okha chigubu, n'kutsegula singano yosinthira kuchuluka kwa mafuta poizungulitsa kawiri, n'kulumikiza kabatire koyatsira pulagi. Inalira poyesa kachitatu. Itatentha anatsegula moto wonse, wina atagwira kandege kumbuyo kwa puropela, kenako anakaloza mphuno kumwamba kwa masekondi angapo. Injini ikafooka pamenepo, mafuta akuchepa: mwina singano yatsekedwa kwambiri, mwina mpweya ukulowa pa paipi. Yathu inafooka, ndipo thovu linkaoneka likuyenda m'paipi yong'ambika ija. Kumbukiraninso kuti kuno tili pamalo okwera mamita oposa 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya ndi wopepuka, injini imataya mphamvu, ndipo kandege kamafuna msewu wautali kuti kanyamuke. Musaiweruze poyerekeza ndi imene munaimva kugombe la nyanja ku Durban.

Rimoti tinaisiya. Inali ya 35 MHz, ya mlongoti wautali ija, yomwe imasokonezana ndi ya mnzanu mukakhala pa nambala imodzi. Masiku ano pafupifupi aliyense ali pa 2.4 GHz. Batire ya m'ndege ya 4.8V nayonso sitinaiwerengere, chifukwa waya wake wakuda anali atadyeka mpaka m'kati. Batire yogona zaka musaikhulupirire ngakhale ionetse kuti yadzaza. Ikathima m'mwamba, kandege konse kapita. Maservo anayi, timamota tokoka zowongolera, anayenda bwino, osanjenjemera.

Tinagwirizana R2,400 popanda rimoti, ndipo bambowo anaonjezapo mapuropela awiri a 11x6 ndi pulagi ya O.S. nambala 8 ikadali m'pepala lake. Anatikumbutsanso kuti mabwalo a makalabu amafuna umembala wa SAMAA, bungwe la oulutsa tindege totere ku South Africa, womwe umabwera ndi inshuwalansi. Chigubu cha mafuta sanapereke, ndipo sindiwada, mafuta amenewa akudula zedi.

Pobwerera phiko tinalikulunga m'bulangete, thanki titaikhuthula. Potulutsa mabering'i akale musagwiritse hamala. Chotsani kabureta, mutu, chivundikiro chakumbuyo, silinda, pisitoni ndi kirankishafuti, kenako ikani chigoba cha injini mu uvuni wa madigiri 150 Celsius kwa mphindi 10. Aluminiyamu amafutukuka kuposa chitsulo, ndipo mukagogoda chigobacho pa thabwa mutavala magolovesi, bering'i yakumbuyo imagwa yokha. Yathu inatuluka yofiira ndi dzimbiri, timipira tiwiri titachita zibowo.