Tsiku limene anaitana dzina la mwana wanga

Lachisanu lapitali kusukulu kwa mwana wanga kunali mwambo wopereka mphatso kwa ophunzira amene achita bwino. Ndi sekondale yoyendera, CDSS, kuno ku Dedza, ndipo kuzizira kwa mwezi wa June kuno mukukudziwa. Pamene tinkasanja mabenchi pansi pa mitengo ya bulugamu chifunga chinali chisanachoke m'phiri. Agogo amene analawirira anali atadzikutira zitenje ziwiriziwiri mpaka kumutu. Holo tilibe. Tebulo la alendo tinaliyala nsalu yoyera yobwereka kutchalitchi, ndipo chimkuzamawu chinkayendera batire la galimoto.

Ine ndili m'komiti ya makolo ndi aphunzitsi, PTA, ndipo pokonzekera mwambowu ndinali mmodzi wa anthu amene anavuta. Ndalama zimene makolo tinasonkha zinali zochepa. Ndinaimirira pamsonkhano n'kunena kuti tigule mphatso za ana atatu oyambirira m'kalasi iliyonse, basi. Za mpira, zisudzo, kwaya ndi magule ndinati n'zongosangalatsa, a MANEB, bungwe loyendetsa mayeso, sawerengera zigoli.

Sindinkanena izi chifukwa cha nkhanza. Mwana wa pa CDSS amayamba Fomu 1 akudziwa kale kuti anzake amene anakhoza kwambiri mayeso a Sitandade 8, PSLCE, anasankhidwira kusukulu zogonera komweko, iye anatsala. Amayenda mtunda wautali, mabuku amagawana ndi anzake, zipangizo za sayansi amangozimva. Koma akafika Fomu 4 pepala la MSCE ndi lomwelo limene akulemba mnzake wa ku Dedza Government Secondary School. A MANEB amawerengera maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino koposa, giredi 1 ndiye yapamwamba, 9 n'kulephera, ndipo mapointi akamachepa m'pamene mwayi ukukula. Ukagwa Chingerezi, satifiketi palibe. Kuyunivesite amafuna ma credit asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Ine ndinaphunzira nthawi imene sukulu zoterezi tinkazitcha MCDE, ndipo ndikudziwa anzanga anzeru amene anatsakamira pakhomo lomweli. Choncho ola lililonse limene mwana ali pabwalo la mpira ndinkaliona ngati labedwa.

Amene ananditsutsa ndi madamu ophunzitsa Chichewa, omwenso amayang'anira gulu la zisudzo. Sanakweze mawu. Anati, "Bambo, mwana amene akubwera kusukulu chifukwa cha mpira, akubwerabe kusukulu. Ndikamupeza pabwalo, ndimupezanso m'kalasi. Nanga amene wasiyiratu kubwera, ndikamufune kuti?" Ahedi anagwedeza mutu, makolo ambiri anavomera, ine ndinakhala pansi mtima usanakhutire. Tinagwirizana zochepetsa kukula kwa mphatso kuti zifikire ambiri: makope, zolembera, seti ya masamu, sopo, zidebe za pulasitiki, ndi nyali za sola zinayi za amene atsogola m'kalasi iliyonse.

Mwambo unayamba ndi pemphero, nyimbo ya fuko, kenaka malankhulidwe. Amenewa ndingowadumpha, anatalika.

Zinthu zinatentha pamene anayamba kuitana mayina. Mtsikana wa Fomu 4 amene anatsogola pamayeso oyeserera atangotchulidwa, mayi ake anadzambatuka kumbuyo kwenikweni, nthungululu ili pakamwa, n'kubwera akuvina mpaka kutsogolo. Anavula chitenje chapamwamba n'kuchiyala pansi kuti mwana wawo apondepo. Mayi amenewa ndimawadziwa, amagulitsa mbatata ya kachewere m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo fizi ya mwanayo imachokera m'ndowa zimenezo. Mwana atalandira nyali ya sola, mayiwo anaitenga n'kuikweza m'mwamba ndi manja awiri, akutembenukira mbali zonse kuti aliyense aione. M'nyumba zambiri kuno magetsi mulibe. Nyali imeneyo ndi maola awiri kapena atatu owerenga usiku uliwonse mpaka mayeso.

Panalinso mphatso imene sindinaiganizireko, ya wophunzira amene wasintha kwambiri. Inapita kwa mtsikana wa Fomu 3 amene anasiya sukulu atatenga pakati, n'kubwereranso mwana atakula pang'ono. Boma limalola atsikana otere kubwerera, koma chilolezo cha papepala sichitseka pakamwa pa anthu. Amayi a Mother Group, gulu lolimbikitsa atsikana kupitiriza sukulu, ndiwo anapita kwawo kangapo konse kukakambirana ndi makolo ake. Teremu yoyamba anali kumchira kwenikweni, teremu yachiwiri analowa m'gulu la khumi oyambirira. Pokalandira mphatso anayenda atazolika, koma kamwana kake, kamene kanali kumsana kwa agogo ake, kataona mayi ake kutsogolo kanayamba kukuwa kakutambasula manja. Bwalo lonse linaseka n'kuwomba m'manja, ndipo mtsikanayo anadzutsa mutu. Amayi a Mother Group anaimirira onse pamodzi n'kuyambitsa nyimbo.

Kenaka anafika a masewera. Goloboyi wa timu ya anyamata analandira chidebe ndi sopo, anzake anamunyamula. Kaputeni wa ntchembere mbaye, mtsikana wamtali wa Fomu 2, analandira makope khumi. Mlendo wolemekezeka anakumbutsa ana za Mwawi Kumwenda, amene anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa onse pa mpikisano wa dziko lonse wa mpira wamanja ku Sydney mu 2015, ndi za Temwa Chawinga, amene mu 2024 anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America akusewerera Kansas City Current. Atsikana anakuwa kwambiri. Ine ndikudziwa kuti mwa ana onse amene anali pabwalopo mwina palibe ndi mmodzi yemwe amene adzadye za mpira, ndipo pamenepa sindinasinthe maganizo. Koma ndinaona kaputeni uja akuwerenga makope ake limodzilimodzi, ndipo aphunzitsi amene ndinakhala nawo pafupi anandinong'oneza kuti chiyambire kusewera mu timu, mwanayo sanajombepo ngakhale tsiku limodzi, pamene ali Fomu 1 ankasowa sabata yathunthu.

Tsopano za mwana wanga. Ali Fomu 3, ndi wachibwibwi chibadwire. Mawu oyamba ndi "b" kapena "k" amamukanirira pakhosi, amatsinzina, khosi limauma, ndipo anthu osaleza mtima amamumalizira chiganizo. Kupulayimale ankamuseka mpaka anasiya kukweza dzanja m'kalasi. Ngakhale kunyumba, mukamufunsa kanthu amayankha ndi mutu. Teremu yoyamba anakhala nambala 41, ndipo nditamva kuti masana amatsalira kusukulu kuyeserera sewero la mpikisano wa ATEM, wa zisudzo za m'Chingerezi uja, ndinamuletsa. Ndinati aziweruka n'kubwera kunyumba kudzawerenga. Mumtima ndinkaopanso kuti akamuimika pamaso pa anthu adzangomuchititsa manyazi. Mayi ake ndiwo anandidandaulira usiku wina kuti ndimusiye, ati mwanayo akachoka koyesererako amabwera akuimba. Ndinalola monyinyirika, ndipo sindinapiteko kukaonerera ngakhale kamodzi.

Lachisanulo, asanapereke mphatso za zisudzo, gululo linachita sewero lalifupi m'Chichewa kuti makolo onse amve. Linali la mlandu wa malire a munda. Ndinaona nyakwawa ikutuluka kuseri kwa kalasi, itavala jekete lalikulu, ndevu za thonje, ndodo m'manja, ikuyenda mowerama. Ndinazindikira nsapato. Mtima unagunda, manja anachita thukuta ngakhale kunkazizira chotero.

Anakhala pampando, anakhosomola ngati nkhalamba, anayang'ana uku ndi uku, n'kuyamba kuweruza mlandu. Mawu ankatuluka okhaokha, olemera, ofika mpaka kumabenchi akumbuyo popanda chimkuzamawu. Anaponya mwambi, agogo anavomera. Anakalipira mkamwini wolanda munda wa apongozi ake, azimayi anaseka mpaka kugwirana mapewa. Pamalo amodzi pokha mawu anamugwira. Ndinaona khosi lija likuuma, ndinagwira benchi mwamphamvu. Iye anagogoda ndodo pansi kawiri, ngati mfumu imene ikuganizira chigamulo, n'kupitiriza. Anthu anayesa ndi mmene sewerolo analikonzera. A gulupu enieni, amene anakhala kutebulo la alendo, ananyamuka n'kukamufupa ndalama yapepala m'thumba la jekete.

Pambuyo pake madamu aja anandiuza kuti za ndodozo anazipeza yekha poyeserera, ndipo tsopano m'kalasi akafuna kuyankha amagogoda chala padesiki. Anatinso mayeso apitawa Chingerezi chake chakwera, chifukwa analoweza sewero lonse la ATEM, mbali yake ndi za anzake zomwe. Nambala yake teremu yachiwiri inali 28. Si yoti munthu n'kuimbira nthungululu, ndipo chaka chamawa MSCE ikumudikira, masamu akadali pansi kwambiri. Zimenezi tikambirana ndithu.

Atamutchula dzina kuti ndiye wochita zisudzo bwino koposa chaka chino, mayi ake anathamangira kutsogolo. Ine miyendo inalemera. Zaka 17 ndakhala ndikumva dzina limeneli likuitanidwa kuti akatunge madzi, akatsekere mbuzi, kapena kuti afotokoze chifukwa chake walephera. Ndinali ndisanalimvepo likutchulidwa pa chimkuzamawu anthu n'kuwomba m'manja. Ndinapezeka ndaima, chipewa chili m'manja. Madamu aja anandiyang'ana ali kutsogoloko, ine ndinawaweramira.

Mphatso yake inali chidebe chobiriwira, makope asanu ndi dikishonale yaing'ono. Pobwerera anakana kuti ndimangirire chidebecho panjinga, anachinyamula yekha, thonje lina likadali kuchibwano. Tinayenda osalankhula mpaka pa mlatho. Pamenepo anagogoda chala pachidebe kawiri.

"Adadi, munandimva?"

"Ndinakumva, mwanawe. Mawu onse."

Madzulo agogo ake, amene miyendo sinawalole kupita, anakana kudya mpaka aone okha. Anamubwereka ndodo yawo yeniyeni, tinakhala pamphasa kukhitchini moto ukuyaka, ndipo mlandu wa munda uja unazengedwanso kuyambira pachiyambi, mlongo wake wamng'ono ali mkamwini.