Lachiwiri la mu Okutobala: chipewa chimene chinabwezedwa

Lero ndinatsegula shopu yanga ya utelala ku Ndirande nthawi itangopitirira 7 koloko m'mawa, koma malata anali atayamba kale kulira ndi kutentha, ndipo phiri linkaoneka mwa chizimezime chifukwa cha fumbi ndi utsi wa m'chilimwe. Ndisanamalize n'komwe kuthira mafuta m'makina osokera, panafika mayi wina amene mwezi watha ndinamusokera chipewa cha mwana wake wamkazi wa zaka 9. Mwanayo ali ndi khungu lachialubino, ndipo amayenda wapansi ulendo wautali ndithu popita ndi pochokera kusukulu. Mayiyo anatulutsa chipewacho m'chikwama, chikadali chatsopano ngati kuti ndachisoka dzulo, n'kuchiika pathebulo mwaulemu.

“Bambo, musandione ngati wosayamika,” anatero, “koma mwana uja akuchikana. Akuti akachivala mutu ukumakhala ngati uli mumphika, moti akangokhota pakona akumachivula n'kuchiika m'chikwama cha mabuku.” Ndinafunsa kuti iwo adziwa bwanji, ndipo anandiyankha kuti aona makutu ndi kumbuyo kwa khosi la mwanayo zitafiira ndi kusupuka. Mawu amenewa anandilasa mumtima, chifukwa ndinkaganiza kuti ndinagwira ntchito yabwino. Nditachitembenuza chipewacho ndinaona ndekha pamene ndinalakwitsa. Ndinasankha nsalu yochindikala yosakaniza thonje ndi polyester pofuna kuti dzuwa lisalowe, mkati ndinaikamo nsalu ina yoterera, ndipo pofuna kuti chiime bwino ndinamata ndi ayironi kansalu kolimbitsa kaja kokhala ndi guluu. Zinthu zitatu zonsezi zinatseka njira ya mpweya. Dzuwa ndinalitsekereza ndithu, koma thukuta nalonso ndinalitsekera mkati, ndipo mwana wa zaka 9 sangapirire zimenezo chifukwa chakuti wamkulu wanena. Ndinapepesa, n'kuwauza kuti abwerenso Lachisanu kudzatenga china popanda kulipira.

Nkhani imeneyi ndikuitenga mozama chifukwa si ya mwana mmodzi yekha. Kalembera wa anthu wa chaka cha 2018 anapeza kuti m'Malawi muli anthu achialubino 134,636, ndipo mdani wamkulu wa thanzi lawo ndi khansa ya pakhungu imene imayamba ndi kupsa ndi dzuwa mobwerezabwereza kuyambira paubwana. Mzinda wathu wa Blantyre uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo cheza cha dzuwa chowotcha khungu, chimene akatswiri amachitcha UV, chimakula mphamvu munthu akamakwera kumtunda. Kuwonjezera apo, kumapeto kwa Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala dzuwa la masana limadutsa pafupifupi paliwombo penipeni, nthawi yomweyo imene ana akuweruka kusukulu. Mayiyo anandiuza kuti mafuta oteteza khungu amakatenga kuchipatala ndipo amamudzoza mwanayo m'mawa uliwonse, koma pofika masana amakhala atatha ndi thukuta, choncho chipewa ndicho chimayenera kugwira ntchito yotsalayo.

Cha m'ma 9 koloko ndinasiya mwana wa mlongo wanga, amene ndikumuphunzitsa ntchito, kuti alondere shopu, ine n'kukwera minibasi kupita ku Limbe kukafuna nsalu. M'masitolo a nsalu ndinatha nthawi yoposa ola lathunthu, ndipo ogulitsa ena ankandiyang'ana modabwa poona zimene ndinkachita. Nsalu iliyonse ndinkaiyesa kawiri. Choyamba ndinkaiika pakamwa n'kuuzira mpweya, dzanja lili kuseri, kuti ndimve ngati mpweyawo ukudutsa. Kenako ndinkapita nayo pakhomo n'kuiyang'anitsa kumene kuli kuwala, kuti ndione ngati timipata ta pakati pa ulusi tikuonetsa kuwala ngati sefa. Apa ndi pamene pagona vuto lonse la ntchito imeneyi, chifukwa nsalu imene imapambana mayeso oyamba kawirikawiri imalephera achiwiri. Timipata timene timatulutsa mpweya wotentha ndi tomwenso timalowetsa dzuwa. Nsalu yopyapyala ya thonje imene imakoma kuvala m'chilimwe siteteza khungu mokwanira, makamaka ikakhala yoyera kapena ikanyowa, pamene nsalu yolukana kwambiri ndi ya mtundu wodera imateteza bwino koma imasunga kutentha. Kumaiko ena zovala zimalembedwa mlingo wa UPF, ndipo nsalu ya UPF 50 imalola gawo limodzi lokha mwa magawo 50 a cheza chija kudutsa, koma pansalu za m'masitolo athu palibe cholembedwa chotere, choncho telala amadalira maso ake ndi mpweya wa m'kamwa mwake.

M'sitolo ina mnyamata wogulitsa anaumirira kuti nsalu imene ankandionetsa inali thonje lenileni. Ndinamupempha kuti andidulire kachidutswa kakang'ono m'mphepete, ndipo tinatuluka panja n'kukayatsa ndi machesi. Thonje likapsa limanunkha ngati pepala lopsa ndipo limasiya phulusa lofewa limene limanyenyeka ndi zala, koma kachidutswa aka kanafwanyata, kanasungunuka, n'kusiya kachibulu kakuda kolimba ngati mkanda. “Achimwene, iyi ili ndi polyester wambiri,” ndinamuuza, ndipo iye anavomera mwaulemu kuti nayenso anangouzidwa choncho ndi amene anabweretsa katunduyo. Sindidana ndi polyester, chifukwa ulusi wake umatchinga cheza cha dzuwa bwino ndithu, koma sumwa thukuta ngati mmene thonje limachitira, ndipo pamutu pa mwana thukuta limenelo limangoyenderera kulowa m'maso. Pamapeto pake ndinagula mita imodzi ya nsalu ya thonje yolukana kwambiri, yofanana ndi ya mathalauza a yunifolomu koma yopepukirapo, ya mtundu wa mchenga, ndiponso theka la mita la nsalu ya thonje yobiriwira moderako. Potuluka ndinadutsa pakaunjika wa mumsika wa Limbe, kumene ndinapeza malaya aakulu a bafuta, nsalu yochokera ku mbewu ya fulakesi, imene imadutsa mpweya kuposa nsalu zambiri ndipo imauma msanga.

Pobwerera, minibasi itaima pa Ginnery Corner, ndinakumbukira kuti dzina la malo amenewa linachokera ku fakitale yochotsa njere m'thonje imene inali pamenepo kalekale. Thonje timalima tokha ku Chikwawa, ku Nsanje, ku Balaka ndi ku Salima, ndipo ku Makata kuli fakitale ya nsalu imene makolo athu ankaidziwa ndi dzina lakuti David Whitehead and Sons, imene tsopano timaitcha Mapeto. Zimandikhudza kuti mlimi wa ku Chigwa cha Shire, amene amathyola thonje padzuwa loopsa kuposa la kuno, nthawi zambiri amakhala atavala kachisoti ka pulasitiki kochokera kunja, kamene sikaphimba makutu kapena khosi. Agogo athu ankaluka zipewa za mlaza, ndipo nzeru yake inali yomweyi imene ndakhala ndikuisakasaka lero, yakuti mthunzi ukhale waukulu koma mphepo izidutsa.

Nditafika kushopu ndinachapa nsalu zonse m'beseni n'kuziyanika, chifukwa thonje latsopano limafupika likachapidwa koyamba, ndipo chipewa chosokedwa ndi nsalu yosachapa chimathina pakangotha sabata imodzi. Ndi dzuwa la lero zinauma ndisanamalize kudya nsima ya masana. Pamene tinkadikira, ndinamufotokozera mnyamata wa mlongo wanga uja mmene ndaganizira, pogwiritsa ntchito chitsanzo cha nyumba, chifukwa ndi mmene ine ndimaonera chipewa. Pamwamba ndimapatcha denga, mbali yozungulira mutu ndimaitcha khoma, ndipo mbali yotambalala yopereka mthunzi ndimaitcha khonde. Mmisiri womanga nyumba sabowola denga pofuna kuti m'nyumba muzizizira, koma amasiya timabowo ta mpweya pamwamba pa khoma, pansi pa mthunzi wa malata, pamene mvula ndi dzuwa sizifika. Chipewa chakale chija chinali ngati nyumba ya malata yopanda zenera ngakhale limodzi. Choncho denga ndi khonde, zimene zimalandira dzuwa mwachindunji, zikhala za nsalu yolukana ija, koma mpweya uzituluka kukhoma.

Mutu wa mwanayo ndi masentimita 52 kuzungulira, ndipo ndinawonjezera sentimita imodzi ndi theka kuti chipewa chisakanirire pakhungu, popeza mpweya umafunanso malo oyendamo. Nditagawa 53.5 ndi 3.14 ndinapeza kuti denga likhale pafupifupi masentimita 17 m'mimba mwake, koma sindinalijambule lozungulira ngati mbale, chifukwa mutu wa munthu ndi wotalikirapo kuchokera pachipumi kukafika kunkhongo. Ndinajambula pakatoni chinthu chooneka ngati dzira, n'kuyeza mzere wake ndi tepi yoimika chammbali mpaka unakwana. Khonde ndinalipatsa masentimita 8. A bungwe la Cancer Council ku Australia, dziko limene khansa ya pakhungu ndi yofala kwambiri, amalangiza kuti khonde la chipewa chotambalala cha munthu wamkulu lisachepere masentimita 7.5, ndipo ine ndinaona kuti mwana amene khungu lake silidziteteza konse ayenera kulandira mlingo wa wamkulu. Kumbuyo ndinalitalikitsako pang'ono chifukwa cha khosi lija limene mayi ake anandiuza kuti linasupuka.

Khoma ndilo linanditengera nthawi yambiri. Ndinalidula pawiri, chigawo cha m'munsi ndi cha m'mwamba, ndipo pakati pake ndinasokapo lamba wa bafuta uja wa masentimita atatu m'lifupi. Chigawo cha m'mwamba ndinachitalikitsa kuti chigwere pamwamba pa bafutayo ngati chikope, n'kuchigwiritsa ndi ulusi m'malo anayi okha, kotero kuti mpweya wotentha uzituluka cha m'munsi mwa chikopecho koma dzuwa lisaone khungu la m'mutu. Zimenezi n'zofunika kwambiri kwa mwana ameneyu, chifukwa tsitsi lake loyera silitchinga dzuwa ngati lakuda, ndipo zipewa zija zokhala ndi ukonde woonekera m'mbali zingamuwotche m'mutu. Mnyamata uja ataona ndikuvutika ndi bafuta, amene amasosoka msanga m'mphepete, anati, “Amalume, bwanji tingodula neti yakale ya udzudzu? Mpweya ungamadutse bwino kwambiri.” Ndinamuyamikira chifukwa choganiza, koma ndinakana, popeza maneti amenewa amakhala ndi mankhwala ophera udzudzu, ndipo si chinthu choti chizikhudza khungu la mwana lotuluka thukuta tsiku lonse. Komanso neti ntchito yake ndi yoteteza banja ku malungo, ndipo sindifuna kuti shopu yanga iphunzitse anthu kuidula.

Pakhonde sindinaikeponso kansalu ka guluu kaja. Ndinaphatikiza nsalu ziwiri, ya mtundu wa mchenga pamwamba kuti isamwe kutentha kwambiri, ndi yobiriwira ija pansi, chifukwa maso a anthu achialubino amavutika ndi kuwala, ndipo nsalu yodera kunsi kwa khonde imachepetsa kunyezimira kochokera pansi ndi pamakoma oyera. Kenako ndinasoka mizere yozungulira yotalikirana theka la sentimita, kuyambira m'mphepete kulowa mkati, mpaka inakwana 14. Ntchito imeneyi imafuna phazi lodekha pamakina opalasa, chifukwa ukangothamanga khonde limapindika ngati tsamba la mpiru, koma mizereyo ikatha nsalu imalimba yokha, ndipo chipewa chimatha kuchapidwa ndi kupindidwa m'chikwama osawonongeka. Mkati sindinaikemo nsalu ina iliyonse kupatula kalamba kofewa ka thonje kozungulira pachipumi, komwetsa thukuta, ndipo misoko yonse ndinaikuta ndi timizere ta bafuta kuti isakande khungu.

Chipewacho chinatha cha m'ma 3 koloko, dzuwa likadali ndi ukali. Mwana wa mnansi wathu, amene mutu wake ndi wofanana kukula ndi wa mwini chipewa, anavomera kuti atiyesere, amayi ake atalola. Tinamuveka chakale chija n'kumutuma kumsika ndi mnyamata uja, ndipo pobwera anavala chatsopano. Atafika ndinapisa dzanja m'zipewa zonse ziwiri. Chakale chinali chonyowa ndi choterera mkati monse, pamene chatsopano chinanyowa pakalamba ka pachipumi pokha, ndipo mwanayo ananena kuti akamayenda amamva kamphepo kakudutsa pamwamba pa makutu. Koma ulendo womwewo unaonetsa cholakwika china, chifukwa kamvuluvulu atadutsa pamsewu chipewacho chinauluka n'kugwera m'ngalande, popeza n'chopepuka ndipo khonde lake ndi lalikulu.

Choncho mawa m'mawa ndisoka kachingwe kodutsa kunsi kwa chibwano, ndipo ndaganiza kuti kakhale kolumikiza ndi batani lothina pang'ono, loti lizimasuka lokha ngati chipewa chakodwa munthambi kapena mnzake wachikoka posewera. Ndaonanso kuti chikope cha kumbuyo chikutseguka kwambiri mwana akawerama, moti ndiyenera kuchigwiritsa pamalo achisanu. Chipewacho ndachichapa chifukwa cha matope a m'ngalande, ndipo ndachiveka pakachitini kuti chiume chili chozungulira. Nsalu yatsala yokwanira china, ndipo Lachisanu ndipempha mayi aja kuti abwere ndi mwanayo, kuti asankhe yekha mtundu wa ulusi wa mizere ya pakhonde ndi kundiuza ndi pakamwa pake pamene pakumutentha.