Galu amayamba wachenjeza asanalume

Loweruka lapitali ndili kwa achemwali anga ku Chinamwali, ndinaona mwana wawo wa zaka zinayi akuyandikira galu wa pakhomopo pamene ankadya mkute kuseri kwa khitchini. Galuyo anasiya kudya nauma thupi lonse, mutu ataweramitsira m'mbale, maso okha akuyang'ana cham'mbali mpaka koyera kwa diso kukuoneka. Mchira unkagwedezeka ndithu, koma pang'onopang'ono, utaima chilili, ndipo n'zimene zinamunyenga mwanayo. Ndinamunyamula asanatambasule dzanja.

Chimene chinandivutitsa maganizo n'chakuti akuluakulu atatu amene anali pakhondepo sanaone choopsa chilichonse, chifukwa tonse tinakula tikumva kuti galu akagwedeza mchira ndiye kuti wasangalala. Galu wosangalala amagwedezeka chiuno chonse, thupi lili lomasuka, kukamwa kuli kotsegula. Wamantha amabisa mchira pakati pa miyendo, amagoneka makutu kumbuyo, amanyambita milomo kapena kuyasamula pamene alibe tulo, ndipo amatembenuza mutu kuti asamuyang'ane munthu. Zonsezi ndi kupempha kuti asiyidwe. Akaona kuti sakumumva, ndi pamene amayamba kulirira kukhosi, ubweya wa pamsana utaima, mano ali pamtunda.

Ambiri timamenya galu akachita zimenezi kwa mwana, koma ine ndikuona kuti n'kulakwitsa kwakukulu. Paja galu wamkota sakandira pachabe, ndipo amene wakwapulidwa chifukwa chochenjeza amatha kusiya kuchenjezako n'kudzangoluma mosayembekezereka. Choyenera ndi kumuchotsa mwanayo, kenako n'kumuphunzitsa kuti galu amene akudya, wagona, ali ndi ana kapena wamangidwa pa tcheni sakhudzidwa, ngakhale akhale wa pakhomo pomwepo.

Ana athu amakumananso ndi agalu osawadziwa popita kusukulu, ndipo chizolowezi chawo ndi kugenda n'kuthawa. Kuthamanga kumamukoka galu kuti athamangitse. Mwana aime nji ngati mtengo, manja atawagunditsa kuthupi, osakuwa komanso osamuyang'ana galuyo m'maso. Akagwa, adzipinde n'kuphimba nkhope ndi khosi.

Mwana akalumidwa kapena kukalidwa, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku Zomba Central kapena chapafupi, ngakhale bala lioneke laling'ono. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika, pamene katemera wolandira msanga amapulumutsa moyo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti mwa anthu 10 alionse olumidwa ndi nyama zoganiziridwa chiwewe, pafupifupi 4 amakhala ana osafika zaka 15. Ana ena amabisa bala poopa kukalipiridwa kuti anaputa dala galu, choncho ndinawapempha achemwali kuti amuuze mwana wawo momveka bwino kuti akadzanena za kulumidwa sadzamenyedwa. Galu wawoyo tagwirizana kuti azidyera kwayekha, ndipo tikamubayitsa katemera wa chiwewe mwezi uno.